Mayi Amene Sanalembepo "Akuti"

Malemu Mayi Bistra Dulgerova anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'mudzi wa Orehovets, kumtunda kwa mtsinje womwewu umene ukudutsa kuseri kwa manda ano. Ine ndaimirira pano m'malo mwa banja ndine Lazar Minkov, mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo Velika. Ndisanapite patali, ndinene chimene chatisowetsa mtendere pa maliro ano. Lachisanu lapitali, malemu ali gone m'chipatala osatha kutulutsa liwu, nyuzipepala ya Liwu la Chigwa inasindikiza kalata yopepesa n'kuika dzina lawo pansi pake. Kalatayo ikunena kuti zonse zimene analemba za fakitale ya zikopa ndi madzi a m'zitsime zinali zabodza. Ambiri mwaiwerenga, ndipo ena mwabwera kuno mukudzifunsa ngati mayi aja anagonjadi pamapeto pake. Banja likukana. Malemu sanalembe kalata imeneyo, ndipo mbiri ndiwerengeyi ndiyo umboni wathu. Abambo Serafim, wansembe wathu, mundipirire, nditalikitsako pang'ono.

Makolo awo anali Bambo Pencho ndi Mayi Gina, ndipo ana anali awiri okha, malemuwa ndi Velika. Anayamba sukulu kumudzi komweko mu 1958. Mu 1961, ali ndi zaka khumi, bambo awo amene ankasunga makiyi a nkhokwe ya tirigu ya m'mudzimo anatengedwa ndi apolisi. Chinawatengetsa ndi kapepala kopanda dzina kamene kanafika ku ofesi, koyamba ndi mawu oti, "Akuti Pencho amabisa matumba." Palibe thumba linapezeka. Palibe munthu anaimirira n'kunena kuti ndinaona ndine. Komabe bamboyo anakhala kundende chaka ndi miyezi iwiri, n'kubwerako mano atatha ndiponso ali ndi chifuwa chimene chinawapha patapita zaka zisanu. Malemu anakula akudana ndi mawu oti "akuti" monga ena amadana ndi njoka. Ukangowatchula pamaso pawo, ngakhale pa nkhani ya mtengo wa anyezi, ankakudula pakamwa. "Akuti ndani? Akutiyo alibe dzina? Sanabadwe kwa mayi ngati ife?"

Sukulu ya sekondale anaphunzira m'tauni muno kuyambira 1965 mpaka 1969, kenako anapita ku yunivesite ya ku Tarnovo kumene anaphunzira chiyankhulo ndi zolembalemba. Pa 2 Sepitembala 1974 analembedwa ntchito ku Liwu la Chigwa ngati wokonza zolakwa. Kumeneko n'kumene ndinawadziwira, chifukwa ine ndinali wosanja zilembo za mtovu zosindikizira nyuzipepala pansi pa nyumba yomweyo. Tsiku loyamba lenilenilo anatsika masitepe ndi tsamba limene ndinasanja, litafiira ndi pensulo yawo malo khumi ndi asanu ndi anayi, n'kundifunsa pamaso pa anzanga onse kuti, "Achimwene, zilembozi mumasanja ndi manja kapena mumathira ndi fosholo?" Ndinakwiya sabata yathunthu. Patapita zaka zitatu ndinakwatira mng'ono wawo, poganiza kuti mwina chibale chifewetsa pensulo ija, koma sizinathandize n'komwe.

Pa 16 Meyi 1976 anakwatiwa ndi Bambo Trifon Dulgerov, dalaivala wa basi ya kumidzi, amene anatisiya mu 2011 ndipo agona pambali pa dzenje lakumbidwali. Mulungu anawapatsa ana awiri, Denitsa mu 1978 ndi Boyan mu 1981. Bambo Trifon sanapite patali ndi sukulu, koma ndiwo anali woweruza wa zolemba za akazi awo. Nkhani iliyonse isanapite kwa mkonzi inkawerengedwa mokweza kukhitchini, iwo akudya. Akangoimitsa sipuni n'kufunsa kuti, "Pamenepo mukufuna kunena chiyani, mayi a Denitsa?" pepalalo linkang'ambidwa, ntchito n'kuyambiranso. Malemu ankati ngati dalaivala wotopa sanamve, vuto si la dalaivala.

Mu 1983 anapatsidwa danga lawolawo m'nyuzipepalamo Lachisanu lililonse, ndipo analitcha Pa Mpando Wakumbuyo, chifukwa nkhani zawo zambiri ankazitola atakhala kumbuyo m'basi ya amuna awo, pakati pa madengu ndi nkhuku. Pano ndiyankhule ngati munthu wa ntchito. Ine ndinasanja zolemba za anthu ambiri, ndipo wosanja zilembo amawerenga chozondoka, mzere ndi mzere, mtovu ukumutentha zala. Olemba ena chiganizo chawo chimodzi chinkadzaza thireyi yonse, ukafika kumapeto utaiwala kale chiyambi. Cha alamu anga chinkakwana m'dzanja limodzi. Munkakhala tsiku, dzina la munthu, chimene wachita, basi. Sankakometsera, sankatukwana, sankabisala kumbuyo kwa "anthu ena" kapena "zikumveka kuti". Ndinkawasirira, ndipo ndikunena poyera lero chifukwa ali moyo sindinawauzepo. Akanandiyankha kuti chiganizo changa chatalika.

Achikulire mukukumbukira chilimwe cha 1986, nthawi ya chipani chimodzi, pamene mkulu wa zaulimi m'boma lino analengeza kuti takolola tomato wambiri kuposa chaka china chilichonse. Lachisanu lotsatira danga la malemu linali ndi mizere inayi yokha, kwinako koyera. Analemba dzina la mkuluyo ndi zimene analengeza, kenako anati: "Lachitatu ndinapita kumsika ndi chikwama. Ndabwerako ndi chikwama." Tauni yonse inaseka chamumtima, chifukwa masiku amenewo kuseka mokweza kunali kudziputira mavuto. Lolemba lake anawalanda danga lija n'kuwapatsa ntchito yolemba za nyengo. Anailemba zaka zitatu ndi theka osadandaula. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sizikuwawawa, iwo anati, "Alamu, ine ndekha ndiye ndikulemba zoona muno. Ndikati mawa kugwa mvula, munthu amatha kutuluka panja n'kukaona."

Boma litasintha, danga lawo linabwerera mu Febuluwale 1990, ndipo analilemba osadumphitsa sabata mpaka 2019. Ena ankayembekeza kuti tsopano aziombera m'manja akuluakulu atsopano. Anakhumudwa. Mameya anayi anabwera n'kupita, ndipo aliyense anayamba ndi kuwatumizira maluwa n'kumaliza ndi kuwoloka msewu akawaona. Anthu wamba ndiwo ankadula nkhani zawo ndi sizasi n'kuzimata pa firiji kapena kuzisunga m'mabokosi a nsapato. Lachisanu pofika naini koloko nyuzipepala inkakhala itatha pa kasitolo ka pa siteshoni.

Tsopano mumvetsere bwino, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Malemu ankalakwitsa, ndipo ankadziwa kupepesa. Mu Okutobala 1997 analemba kuti Bambo Evlogi Sarafov, a sitolo ya mankhwala ya pafupi ndi mlatho, ankagulitsa mankhwala otha mphamvu. Anawanamiza ndi munthu amene anali ndi chidani chake. Atazindikira, sanadikire loya kapena mkonzi. Lachisanu lotsatira analemba pamwamba penipeni pa danga lawo kuti: "Sabata yatha ndinalemba kuti Bambo Evlogi Sarafov amagulitsa mankhwala otha mphamvu. Ndi bodza, ndipo wolemba bodzalo ndine. Sindinafufuze. Bambo Sarafov, pepani." Atatero anatenga nyuzipepalayo m'manja n'kupita nayo kusitoloko. Bambo Sarafov anawasiya chiimire maola awiri akuthandiza makasitomala, malemu osasuntha, osakhala pansi. Bambo Sarafov ali pano lero, atsamira ndodo pafupi ndi mtengowo, mukhoza kuwafunsa. Umo ndi mmene kupepesa kwa Mayi Dulgerova kunkaonekera. Ziganizo zinayi, dzina la wolakwiridwa, ndi mawu oti "ndine".

Mu Juni 2018 anthu okhala kumunsi kwa mlatho anayamba kudandaula kuti madzi a m'zitsime zawo akununkha, ana akutuluka zilonda, ndiwo za m'dimba zikuuma. Malemu anali ndi zaka 67 ndipo mawondo anali atayamba kale kuwavuta, koma anayenda khomo ndi khomo ndi mabotolo opanda kanthu, n'kutumiza madziwo kukayezetsa ku likulu. Anatsata ngalande ndi mapazi awo mpaka pa mpanda wa fakitale ya zikopa ya Bambo Strahil Bumbarov. Nkhani yawo yoyamba inatha ndi mawu awa, amene ambiri mumawaloweza: "Mayi Stoyna Gerova a nyumba nambala 14 ananditungira madzi a pachitsime chawo mu tambula. Akuoneka ngati tiyi. Tambulayo ili pa tebulo langa. Bambo Bumbarov, mukadzandichezera ndidzakulandirani nayo." Analemba nkhani khumi ndi imodzi za madziwo, iliyonse ili ndi tsiku, nambala ya nyumba ndi zotsatira za kuyeza.

Bambo Bumbarov sanabwere kudzamwa madzi aja. M'malo mwake, mu Epulo 2019 anagula kampani yonse ya nyuzipepalayo. Sabata yomweyo malemu analandira kalata yowathokoza chifukwa cha ntchito ya zaka 45 ndi kuwafunira mpumulo wabwino. Anaiwerenga, anakonza zolakwa ziwiri ndi pensulo yofiira, n'kuibweza.

Amene ankaganiza kuti nkhani yathera pamenepo sankawadziwa. M'mawa wina anafika ku galaja kwanga, kumene ndimasunga makina akale osindikizira, n'kunena kuti, "Alamu, pukutani fumbi chigayo chanuchi. Kodi m'tauni muno ndi pepala liti limene munthu sangayerekeze kuling'amba?" Yankho mukulidziwa nonse. Ndi mapepala a maliro awa timamata pa mitengo, pa zitseko ndi pokwerera basi, okhala ndi mtanda ndi mzere wakuda m'mphepete. Ngakhale chidakwa sichiwakhudza. Choncho Lachisanu lotsatira tauni inadzuka itapeza uthenga wa maliro pa mtengo uliwonse: "Tikulengeza imfa ya chitsime cha pa nyumba nambala 14. Chinakumbidwa mu 1934. Chinamwetsa mibadwo inayi. Chaphedwa ndi ngalande ya fakitale ya zikopa. Wolengeza: Bistra Dulgerova." Sabata yotsatira chinali chitsime cha nambala 16. Apolisi awiri anatumidwa kukachotsa. Anaima patsogolo pa mtengo, anawerenga, wina anavula chipewa, onse n'kubwerera. Abambo Serafim, ndikudziwa kuti nkhani imeneyi simunaikonde, ndipo munawauza pamaso. Iwo anakuyankhani kuti chitsime chimene chamwetsa anthu zaka makumi asanu ndi atatu chiyenera kuliridwa, ndipo inu munangopukusa mutu.

Mapepala amenewo ndiwo analimbitsa mtima mabanja 38 a kumunsi kwa mlatho, moti mu 2021 anasumira fakitaleyo. Mlanduwo wakhala ukukankhidwa uku ndi uku, koma tsopano uzengedwa Lachiwiri pa 28 mwezi uno. Mboni yoyamba inayenera kukhala malemuwa, pamodzi ndi mabotolo awo ndi nkhani khumi ndi imodzi zija.

Lamulungu pa 29 Okutobala chaka chino, akukonza mapepala a mlanduwo pa tebulo la kukhitchini, anagwa ndi sitiroko. Mwana wawo Denitsa ndiye anawapeza n'kuthamangira nawo kuchipatala. Dzanja lamanja linafa, mawu anatsekeka, koma maso ankaona ndipo mutu unkagwira. Anakhala choncho masabata atatu. Velika ankawawerengera nkhani madzulo aliwonse, ndipo chiganizo chikatalika ankatseka maso mpaka chithe.

Lachisanu pa 17 Novembala ndi pamene kalata ija inatuluka, pa tsamba lachitatu, malo enieni amene danga lawo linkakhala. A nyuzipepala akunena kuti malemu anaipereka mu Sepitembala asanadwale. Ndaibweretsa, nayi. Ndawerenga mawu ake monga ndinkachitira pa ntchito, alipo 412. Chiganizo choyamba chokha chili ndi mawu 57, ndipo ndikuwerengerani chidutswa chabe kuti mpweya usandithere: "Nditaganizira mozama zinthu zosiyanasiyana zimene zakhala zikuchitika, ndazindikira ndi mtima wosweka kuti zolakwika zina zinachitika m'zolemba zanga, popeza akuti madzi a m'dera lija anawonongeka pa zifukwa zachilengedwe." Mwamva? Zolakwika zinachitika. Zinachitika zokha ngati matalala, wochita palibe. Mtima wosweka! Mayi amene polengeza imfa ya mwamuna wawo weniweni analemba mizere itatu, wopanda "mtima wosweka" ngakhale umodzi. Ndipo pakati pa zonsezo pakhala mawu aja, "akuti". M'kalatamu alimo katatu. Mwana wa Pencho, amene bambo ake anathera mano kundende chifukwa cha mawu amenewa, akuti walemba "akuti" katatu pa tsamba limodzi. Amene anapeka bodza limeneli akanayamba wawerengako ngakhale nkhani imodzi ya munthu amene ankafuna kumuba dzina. Ulesi wake ndi umene wamugwiritsa.

Kalatayo sitinawawerengere malemu. Tinagwirizana kuti asaione. Anamwalira m'mawa wa Loweruka pa 18 Novembala 2023, nthawi ili cha m'ma seveni, ali ndi zaka 72, Denitsa atawagwira dzanja lamanzere.

Bambo Kamen Vitanov, mkonzi wa Liwu la Chigwa, ndakuonani kumbuyoko pafupi ndi geti, ndipo mwachita bwino kubwera. Munalowa mu ofesi ija mu 1996 musakudziwa poika mpumiro, ndipo anakuphunzitsani ndi mayi agona apawa. Dzulo munaimbira foni Denitsa kumupempha kuti za kalatazi zisatchulidwe pano, poti pamaliro si pokanganirana. Denitsa anabwera kwa ine n'kunena kuti, "Bambo aang'ono, akufuna tiwakwirire mayi kawiri, m'dothi ndi m'bodza. Mukanene zonse, musasiye kalikonse." Ndiye ndanena. Sindikunena kuti munalemba ndinu, chifukwa sindinakuoneni mukulemba, ndipo malemu sakanandilola kunena chimene sindinaone. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsamba lachitatu silipita ku makina popanda siginecha yanu. Mukudziwa amene anabweretsa kalatayo, ndipo munadziwa pa mzere woyamba kuti si yawo. Mmene kupepesa kumalembedwera munakuona mu 1997, ziganizo zinayi zokha. Lachisanu likubwerali muli ndi tsamba. Nkhata ya maluwa imene eni nyuzipepala anatumiza taiimika kunja kwa mpanda, mukamatuluka muitenge.

Chifukwa chake tikulimbana ndi pepala pa tsiku la misozi n'chakuti Lachiwiri sabata yamawa loya wa fakitale adzaimirira m'khothi ndi kalata imeneyi, n'kunena kuti mboni yaikulu inabweza mawu isanamwalire. Ikakhulupiriridwa, mabanja 38 aja abwerera kukamwa madzi a mtundu wa tiyi, ndipo mayi amene analemba zoona zaka makumi anayi adzakumbukiridwa ngati wabodza amene anaulula mochedwa. Banja silivomera. Denitsa adzapita ndi mapepala onse amene mayi ake anatayipa, oposa 1,500. Ine ndidzapita ndi maso angawa amene anawerenga ambiri mwa iwo chozondoka, ndipo woweruza akafuna tidzakhala naye pansi kufufuza "akuti" mmodzi yekha. Inu amene muli ndi mabokosi a nsapato aja kunyumba, atsitseni pamwamba pa kabati. Khothi limatsegula hafu pasiti eyiti.

Malemu asiya ana awiri, Denitsa amene amaphunzitsa masamu m'tauni muno ndi Boyan amene wafika dzulo kuchokera kunja, ku Valencia, adzukulu atatu, Bistra wamng'ono, Trifon ndi Yoana, mng'ono wawo Velika, ndi ine mlamu wawo amene ndatsala wopanda wondikonza.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira masabata atatu aja. Tikuthokoza Abambo Serafim chifukwa cha mapemphero ndi kupirira. Tikuthokoza madalaivala anzawo a Bambo Trifon amene abweretsa anthu a kumidzi pa basi osalipiritsa, abambo a kumunsi kwa mlatho amene anakana kuti dzenjeli likumbidwe ndi makina n'kulikumba okha, ndi Mayi Stoyna Gerova ndi anzawo amene aphika tirigu wa mwambo, madzi ake atachita kukatunga kutali.

Tikatuluka pano, amayiwo akupatsani tirigu wophikayo ndi buledi, ndipo polandira mudzanena monga timanenera nthawi zonse kuti, "Mulungu awakhululukire." Nenani ndi mtima wonse, chifukwa zowakhululukira zilipo. Anali aukali, fodya ankasuta ngati chumuni, anaphonya tsiku limene mwana wawo ankalandira digiri chifukwa chothamangira nkhani, ndipo kawiri konse anakonza ulaliki wa Abambo Serafim pakhomo la tchalitchi. Zimenezo Mulungu awakhululukire. Koma pa zitsime zija musawapemphere chikhululukiro, chifukwa sanalakwe ndipo sanapepese.

Alamu anga, Mayi Bistra Dulgerova, mzimu wanu uuse mumtendere. Inu gonani, ku khothi tikaimirira ndife.